Chibowo cha Pamapazi pa Amayi

Galimoto ya bambo inali yokalamba, ndipo masiku a nkhondo yomenyera ufulu aja zitsulo zatsopano sizinkapezeka mu mzinda wonse wa Salisbury. Loweruka lina, kwathu ku Glen Norah, anaikweza pa njerwa n'kundipatsa burashi ya waya.

"Upale dzimbiri pang'onopang'ono, kenaka upake phula. Poti sukulu inakukana, mwina ichi uchitha."

Ndinapsa mtima. Nditalowa pansi pa galimoto, dzimbiri likundigwera m'maso, burashi ija ndinaiponyera uko n'kutenga hamala ndi tchizulo. Ndinkamenya ngati ndikuyankha bambo, mpaka tchizulo inatulukira mkati, pomwe amayi amaponda akakhala kutsogolo. Chibowo chake, nkhonya kulowa osakhudza m'mbali.

Sindinaulule. Ndinamatapo chidutswa cha katoni, n'kupaka phula lambiri pansi ndi pamwamba. Bambo atasuzumira anangoti, "Eya, manja uli nawo."

Mvula itayamba, tsiku lina tinkapita kumaliro ku Highfield. Amayi anali atavala bulauzi yawo yoyera ya kumpingo, chifukwa ndiwo ankayenera kutsogolera nyimbo. Tinalowa m'chithaphwi, katoni inagonja, matope n'kutumphukira mkati mpaka pachibwano pawo. Kumaliroko anatsala m'galimoto atafunda chitenje, nyimbo anatsogolera wina.

Bambo anagwada n'kupisa dzanja m'chibowomo. Anatulutsa katoni yonyowa, anaitembenuza, kenaka anandiyang'ana.

"Dzimbiri la chaka chino ndi la mano," anatero.

"Ndi la mano ndithu, bambo," ndinayankha.