Zilembo Ziwiri pa Batani Limodzi

"Iwe Sikina, dzanja lako lolemba bwino lija likugwira ntchito yanji?" Anafunsa choncho a shehe okalamba a kuseri kwa msika wa Lirangwe, atamuona akungoyendayenda chimalizireni Fomu Folo.

A shehewa ndi munthu wotopa. Maso akuwathera, koma m'mawa uliwonse amakhala pa kompyuta yakale, kuthamangira kutayipa maphunziro a ana a madrasa asanaleke kuona. Kiyibodi yawo yolira khekhekhe ili ndi zilembo za Chingerezi zokha. Za Chiarabu amachita kufufuza, uku akuusa moyo: "Basi, tifika."

Sikina anazindikira kuti a shehe akufuna awalembere zilembozo pa kiyibodi, ndipo sanafunsenso zambiri. Anazula mabatani onse, n'kujambula Chiarabu ndi penti yoyera pambali pa Chingerezi, motsatana monga anaphunzirira ali mwana: alifu, baa, taa. Mumtima ankati Lirangwe yense amumva.

A shehe anadina alifu, panatuluka chilembo china. Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso.

"Zakongola, mwanangu. Koma makinawa sanapite ku madrasa. Amasanja mwawomwawo."

Sikina anayang'ana penti youma ija. Ulendo umene ankakonza wokasaka ntchito ku Limbe anauimitsa kaye. Mawa abwera ndi lezala, apale zonse, azidina batani limodzilimodzi, aone chotuluka, ndiye ajambule.