Zingwe za Linya ndi Apongozi pa Kaliyala

Nsapato zimenezo ndinazipeza pa mulu wa kaunjika pa msika wa Nsaru, m'zaka zija zipani zitangochuluka, pamene zovala zakunja zinayamba kuthiridwa pansi ngati mbatata. Zinali zakuda, zansalu yolimba, zopanda chidendene, pansi pake pali see. Chimene chinandidabwitsa ndi mmene zinathera. Ife kuno nsapato zimatithera kuchidendene, koma izi zinali zitaperepeseka m'mbali, cha pa chala chaching'ono, yakumanzere yokha, ndipo chingwe chake chinali chitanyotsoka pamalo omwewo. Wogulitsa anandiuza kuti kunjako anyamata amakwera kathabwa ka timatayala, pamwamba pake pokhakhala ngati sandipepa, ndiye akamalumpha nako amakhula phazi pa thabwalo.

"Tengani, akulu," anatero. "Zimenezi zinazolowera kuzunzika."

Ndinazigula chifukwa cha pansi pakepo. Mabuleki a njinga yanga anali atatha kalekale, ndipo ndinkaima monga ankaimira anzanga ambiri: madigadi ndinachotsa, ndiye pa mtsetse ndinkangoponda tayala lakutsogolo ndi phazi lamanja. Nsapato yopanda chidendene imagwira bwino tayala.

Ndinkazisamala ngati maso. Pansi pa yakumanja ndinasokererapo chidutswa cha tayala lagalimoto kuti isadyeke msanga. Pobooka pa yakumanzere ndinaikapo chigamba cha lamba wakale. Timawerenga m'Malemba za anthu a Mulungu amene anayenda m'chipululu zaka zambirimbiri nsapato zosawathera kuphazi, ndipo ine ndinkapempha chisomo chomwecho, singano ili m'manja. Zimene zinandivuta ndi zingwe. Ndinazipaka phula la kandulo, ndinawaula nsonga zake pamoto, ndinamanga mfundo pamwamba pa mfundo, koma zinkangoduka. Pomaliza ndinatenga linya, ulusi uja timasolola m'matayala akutha, ndinapota katatu, n'kupanga zingwe zanga. Ndinazisiya zazitali dala, kuti zikaperepeseka pabowo ndizingosuntha. Ng'ombe ikanatha kumangidwa nazo. Pokwera njinga nsonga zake ndinkazilowetsa m'kati mwa nsapato.

Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini, m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, ndipo ine ndi apongozi anga aakazi tinkachitirana manyazi monga mwa mwambo. Tikakumana m'njira, iwo ankapatukira mu udzu, ine n'kuyang'ana kumbali. Sitinadyerepo pamodzi, sitinagwiranepo chanza. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pakhonde pomwepo. Anali mayi a pakamwa pakuthwa, koma pakamwa pamenepo sipanalozepo ine mwachindunji.

Mmawa wina m'nyengo yokolola, anthu akupuntha mtedza ndiponso fumbi lili ponseponse, chifuwa chawo cha mphumu chinawagwira moposa kale lonse. Ndinamva ndili m'khola. Kapumidwe kawo kankalira ngati khomo la dzimbiri. Amuna onse a m'banjamo anali atapita kumaliro kutsidya kwa dambo. Mkazi wanga anali m'chikuta, mwana asanagwe mchombo, ndipo anandiitana ali pakhomo la nyumba.

"Amayi akubanika. Milomo yayamba kuda. Atengeni pa njinga."

Apongozi anali atatsamira nkhokwe. Anapukusa mutu, n'kuuza mwana wawo, liwu limodzi limodzi: "Ine… pa njinga… ya akamwini?"

"Amayi, mukufuna mufere pano chifukwa cha manyazi?" anatero mkazi wanga.

Ndinavala nsapato ndikuthamanga, n'kumanga zingwe mmene zinamangikira. Azimayi awiri oyandikana nawo anawakweza pa kaliyala, miyendo yonse mbali imodzi. Anawauza kuti andigwire m'chiuno. Iwo anakana. Anangolowetsa zala m'masipuling'i a pansi pa chishalo, n'kukhala motalikirana nane mmene akanathera.

Njira yopita ku chipatala cha mishoni cha ku Namitete ndinkaidziwa bwino. Imadutsa m'minda, imakwera pang'onopang'ono, kenako imagwera pa mtsetse wautali wa miyala, ndipo kumunsi kwake kuli kamlatho ka matabwa kopanda zotchinga m'mbali. Ndinayamba kupalasa. Kumbuyo kwanga ndinkangomvetsera kulira kwa chifuwa chija. Kukaleka pang'ono, mtima wanga unkaima. Kukayambanso, ndinkati zikomo Ambuye, ngakhale kunali kulira koopsa.

Tili pafupi kufika pamwamba pa chitunda, ndinamva phazi lamanja likumangika. Poyamba ndinayesa kuti ndi dzanzi. Nditayang'ana pansi, ndinaona kuti chingwe chija chamasuka n'kukulungika pa chitsulo cha pedulo, ndipo nsonga yake yalumidwa pakati pa tcheni ndi mano ake. Ndinayesa kupalasa chobwerera. Sichinasunthe. Ndinakoka phazi ndi mphamvu. Chingwe chogula kusitolo chikanaduka pomwepo, koma linya linangondiluma pamwamba pa phazi ngati msampha. Pamene ndimadzutsa mutu, tayala lakutsogolo linali litayamba kale kutsika.

Phazi limene ndinkaimira ndi lomwelo linamangidwa. Njinga inayamba kuthamanga yokha. Miyala inkagunda m'masipoko. Kumunsi ndinaona ngolo ya ng'ombe, yodzaza mapesi, ikukwera pa kamlatho kaja, itatseka njira yonse.

Panatsala phazi lamanzere, la nsapato yopyapyala ija. Koma kuti ndilichotse pa pedulo n'kulitambasulira kutsogolo, thupi langa lonse linayenera kupendekera kumanja, ndipo njinga ikanagwedezeka. Munthu wogwira ndi zala zokha, wopanda mpweya, akanagwa chagada pa miyala.

"Amayi!" ndinakuwa. Ndinali ndisanawaitanepo chotero pamaso. "Amayi, ndigwireni m'chiuno!"

Zala zawo zinakhalabe m'masipuling'i.

"Phazi langa lakodwa! Ndigwireni, chonde!"

Ndinamva zala zikugwira kansonga ka malaya anga, mwaulemu, ngati munthu wotola kachitsotso.

"Ayi, ndi manja onse! Mulungu akuona, palibe tchimo apa! Gwirani!"

Tayala linagunda mwala, njinga inadumpha, ndipo pamenepo mikono yawo inandizinga pamimba. Anandigwira zolimba, nkhope yawo itagunda msana wanga. Ndinamva kulira kwa chifuwa chawo kukulowa m'nthiti zanga.

Ndinatukula phazi lamanzere n'kuliponda pa tayala. Njinga inapendekera, n'kubwerera. Kunamveka fungo la mphira wopsa. Sindinapemphere pemphero lalitali lija ndimapemphera pa mapemphero a m'milaga. Ndinkangoti Yesu, Yesu, Yesu. Pansi pa nsapato panatentha, kenako panabooka, ndipo tayala linayamba kudya khungu langa. Thupi lonse linkandiuza kuti ndichotse phazi. Ndinaliponda kwambiri. Woyendetsa ngolo anationa, anaimirira pa mapesi n'kuyamba kukuwa, akukweza chikoti m'mwamba, koma ng'ombe pa mlatho sizibwerera m'mbuyo.

Njinga inafooka pang'onopang'ono. Ndinaikhotetsera mu mchenga wa m'mphepete mwa msewu, ndipo inaima mphuno za ng'ombe zili pafupi moti ndinamva mpweya wake. Ndinatsitsa phazi lopsalo pansi kuti tisagwe. Ululu wake unandifika m'mano.

"Mukufuna kundiphera ng'ombe, inu?" anakalipa wa ngolo uja. Ataona nkhope ya apongozi anasiya. "Pepani. Dikirani ndidutse."

Ngolo inadutsa, koma ine ndinali ndidakali womangidwa. Sindikanatha kutsika, kapena kuwerama osagwetsa njinga. Ndinayesa kuvula nsapato, koma linya linali litamanga phazi moti chala sichikanalowa. Mpeni ndinalibe. Wa ngolo anali atakwera kale chitunda, akulimbana ndi ng'ombe zake.

Ndinamva mikono ija ikumasuka. Apongozi anatsetsereka pa kaliyala, n'kugwada pa mchenga. Ndinayesa kuti akomoka. Koma anamasula mfundo ya pakona pa chitenje chawo, pamene azimayi amasungapo tinthu tawo, n'kutulutsa lezala wokutidwa m'kapepala. Anakwawa n'kufika pa phazi langa.

"Ayi, amayi, ndipatseni ndidule ndekha."

Anagwira nsapato yanga ndi dzanja limodzi, mutu uli pansi, mapewa akukwera ndi kutsika. Lezala ankaterereka pa linya. Ankacheka, n'kupuma, n'kuchekanso. Ndinakumbukira mlaliki wa m'chipululu uja amene anadziona wosayenera kumasula chingwe cha nsapato ya Ambuye wake, ndipo apa mayi amene anandiberekera mkazi anali atagwada m'fumbi chifukwa cha nsapato ya ine wochimwa. Ndinayang'ana kumwamba kuti misozi isawagwere.

Ulusi woyamba unaduka, wachiwiri, kenako wachitatu. Phazi linamasuka. Ndinasolola zotsalira m'tcheni ndi zala.

Kudzuka kunawakanika. Ndinaimika njinga pa sitandi yake, ndinawanyamula m'manja mwanga, opepuka ngati mtolo wa udzu, ndipo ndinawakhazika pa kaliyala. Ulendo uno sindinawapemphe. Anandigwira okha. Tinawoloka kamlatho ndikukankha, kenako ndinapalasa, nsapato yamanja ikuvukavuka, yamanzere ikunata magazi. Kutsogolo kunalibenso mtsetse, koma kulira kwa chifuwa kuja kunayamba kuchepa, ndipo ndinadziwa kuti sikuchepa kwa kuchira. Mutu wawo unkalemera pamsana panga. Dzanja limodzi ndinagwira handulo, linalo ndinagwira manja awo pamimba panga kuti asamasuke.

Pa chipata cha chipatala sindinatsike. Ndinalowa ndikukuwa. Anamwino anabwera ndi kampando ka matayala, anawatenga, chitseko n'kutsekedwa.

Ndinakhala pa benchi panja. Mayi wina wodikirira wodwala anandilozera pansi, pamene panali madontho a magazi kuchokera kuchipata mpaka pamene ndinakhala, koma ndinalibe nazo ntchito. Ndinkamvetsera khoma. Ndinauza Mulungu kuti mwana ali m'chikuta uja sanawaone bwino agogo ake, ndipo mkazi wanga anandipatsa mayi ake amoyo. Ndinalibe china chonena, choncho ndinabwereza zomwezo.

Dzuwa linasuntha, mthunzi wa khonde unandichoka. Kenako m'katimo munamveka kutsokomola kwamphamvu, kotsatizana. Ndiye ndinamva liwu, losasa koma lathunthu, likutuluka pawindo:

"Iwe mwana iwe, jakisoni ameneyu ukubaya munthu kapena dzungu?"

Anamwino anaseka. Mmodzi anatuluka, akupukuta manja.

"Ndinu amene mwabwera ndi amayi aja? Ayamba kutilalatira, ndiye kuti mpweya wabwerera. Agona konkuno." Anayang'ana pansi. "Nanga phazi ili mwalitani, bambo? Lowani kuno."

Sindinalowe nthawi yomweyo. Ndinagwada pomwepo, pa simenti yotentha, ndipo namwinoyo anadikira mpaka nditanena ameni.