Ndinawabweza Kwawo Amuna Anga Ali Odwala

Inu owerenga, ine ndinathetsa banja langa kuukalamba chifukwa cha mtima wapachala, ndipo lero ndimagona ndekha, kudzuka ndekha.

Amuna anga anali mkamwini kwathu ku Milepa, kwawo kunali ku Mauwa. Matenda a shuga anawapeza nawo kalekale, koma mankhwala ankamwa modumphadumpha. Kuchipatala kunali kutali, nanenso sindinkalimbikira kuwakumbutsa.

Atakalamba anayamba zachilendo. Ankafunsa chinthu chimodzi kangapo, mwina kuima pakati pa munda ngati aiwala chomwe abwerera. Tsiku lina anapinda bulangete, kunyamula khasu ndi nkhwangwa, n'kuuyamba wa ku Mauwa. Kwathu kuno mwamuna akatero ndiye kuti banja walisiya. Anthu anawabweza panjira, iwo n'kubwerezanso. Pachitsime anzanga ankandiseka kuti taonani agogo athawidwa imvi zili mbuu. Zinandiwawa kwambiri. Ndinaitana ankhoswe n'kunena kuti tengani munthu wanu, ine sindigwira mwamuna mwendo. Amuna anga anangondiyang'ana, ine n'kumati ndi mwano.

Achemwali awo ndi amene anapita nawo kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Adokotala anati shuga akakhalitsa osasamalidwa amawononga timitsempha ta m'mutu, ubongo n'kumafota pang'onopang'ono. Munthu amaiwala za dzulo, n'kumafuna kumudzi komwe anakulira. Sankandithawa ayi, kunali kudwala.

Nditamva, ndinayenda wapansi kukawatenga ku Mauwa. Ndinawapeza pakhonde atawonda. Anandipatsa moni wa mlendo, kuwomba m'manja mwaulemu. Nditanena kuti ndachokera ku Milepa, nkhope yawo inawala.

"Mayi, mukabwerera mukawauze akazi anga kuti ndasochera, asandikwiyire."

Ndinawauza kuti akazi anuwo ndine, koma anangomwetulira. Achibale anakana kuti ndiwatenge, ndipo ndinabwerera chimanjamanja, poti ndinawabweza ndekha pamaso pa ankhoswe. Anamwalira konko mvula isanagwe. Manda awo ali kutali, miyendo yanga siingafikeko.

Inu amene mukusunga okalamba odwala shuga, akumbutseni mankhwala, ndipo akayamba kuiwalaiwala kapena kusochera, musathamangire ankhoswe, pitani nawo kuchipatala. Musamvere zoseka za anthu, mawa sadzakhala nanu m'nyumba. Ine uthenga wa amuna anga ndinaulandira, koma oti ndiwauze kuti mkwiyo unatha kulibe.