Mfuti ikakana, afunsa mkazi

Lolemba m'mamawa bambo a Tereza anabwera kuchokera kumunda mfuti ili paphewa. Nguluwe anazipeza m'munda wa mtedza, pafupi moti akanaziponya mwala. Analoza bwino, nakoka chala. Mfuti inangoti tsa, osawomba. Nguluwe zinapita zitakhuta.

Mfutiyi ndi ya gogodera, inali ya malemu amalume awo a ku Chipangali. Bambo a Tereza anali asanagwirepo mfuti chibadwire. Chilolezo anakatenga ku Boma posachedwapa, ndipo akuphunzira kwa a Zulu, mkulu wina wa m'mudzi muno. Inu a m'tauni mwina mfuti yotere simuidziwa. Onga amathira kukamwa kwa mfutiyo, natsindira ndi kachitsulo katali, kenaka chipolopolo. Pomaliza aika fataki, kachisoti kamene kamayatsa ongawo. Munthu watsopano akhoza kulakwa pena paliponse.

Koma kuno cholakwa amachifuna malo amodzi.

Masana apongozi anga anandipeza ndikuyamwitsa mwana. Sanakalipe ayi. Anangofunsa kuti Loweruka ndinachedweranji ku msika ku Chipata, ndinabwera ndi yani, amene ananditula dengu anali ndani. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi, monga ndichitira ndi munthu aliyense. Ndinaona kuti kuyang'ana pansiko nakonso kwasanduka umboni.

"Mfuti sikana chabe, mwananga," anatero. "Imadziwa za m'nyumba."

Amayi anzanga mukudziwa tanthauzo lake. Amati mfuti ya mlenje ikakana, mkazi wake ali ndi mwamuna wina. Ine ndili pa chitengwa, anandilowola. Akati ndibwerere kwathu, ndibwerera ndekha. Tereza ndi wa pano.

Bambo ake tsiku limenelo anangodya nakagona. Tsiku lotsatira amayi a kuchitsime anandipatsa moni waulemu kwambiri, wonga wopatsa mlendo.

Lachitatu a Zulu anabwera kudzaona mfuti. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusenda mtedza wa chaka chatha, ndimamva zonse. Anachotsa onga wakale uja, nalowetsa kansanza mumpope. Kansanzako kanatuluka kakudontha mafuta a nsatsi. Paja bambo a Tereza mfutiyi amaikonda. Madzulo alionse amaidzoza kunja ndi mkati ngati khanda losambitsidwa, ndipo mafutawo anatsikira pansi nanyowetsa onga.

A Zulu anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe Lungu, iyi ndi mfuti, si ndiwo."

Anawauza kuti mumpope muziuma asanathire onga, ndi kuti nyanga yosungiramo onga isagonenso pakhonde nyengo ino ya mvula. Ataipukuta bwino anapita nayo kudambo, nawombera chulu. Inalira mudzi wonse, nkhuku zinathawira m'chimanga.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Apongozi atamva, anati zikomo kuti mfuti yakhululuka. Sanati inalibe mlandu ndi ine. Anati yakhululuka. Za mafuta anamva, koma anati amalume aja nawonso ankaidzoza mafuta ndipo sinakanepo.

Chibwerere ufulu, amuna ambiri akutsitsa mfuti za makolo zimene zinali kudenga. Sindikuwanena. Nguluwe zilipodi, ndipo mtedza ndiwo umaveka mwana ndi kumpititsa kusukulu. Koma ambiri mwa iwo ndi atsopano ngati bambo a Tereza. Wina adzathira onga wochepa, wina wonyowa, wina adzagula fataki zakale zimene zinagona pasitolo. Wina adzaphonya, pakuti nguluwe si chulu. Zonsezi ndi za munthu wophunzira, ndipo wophunzira njinga akagwa palibe amathamangira kunyumba kukafunsa mkazi wake kumene anali Loweruka.

Nanga pa mfuti bwanji? Lamulungu tonse tili ku Misa, apongozi ali pa benchi la patsogolo. Lolemba tikufunsa chitsulo za ukwati wa anthu.

Ine si munthu wolankhula pagulu, n'chifukwa chake ndimalemba. Koma dzulo, mwana atagona masana, ndinawafunsa bambo ake ngati nawonso anaganiza zimene amayi awo anaganiza. Anati ayi, iwo sanaganizepo choipa, anangochita manyazi kuti nguluwe zawathawa. Ndinafunsa chifukwa chake sananene zimenezo pamaso pa amayi awo. Anati munthu sutsutsa amako pa zinthu za makolo, ndipo nkhaniyo yatha kale, ndiisiye.

Ndaisiya. Nyanga ya onga tsopano ndimaisunga ndine, m'chitini chotseka, pamwamba pomwe sipadontha, kutali ndi moto. Palibe anandituma. Mvula yangoyamba kumene, mwini mfuti akali kuphunzira, ndipo idzakananso, a Zulu omwe akutero.

Tsiku limenelo, a Zulu atakhala kuti apita kumaliro kutali, adzandilankhulira ndani kuti Tereza agone ndi amake?