Foni yanga ndinkaisiya yosakiya pochajitsa

Anzanga, izi sindikupeka ayi, wofuna kutsutsa atsutse, koma zinandichitikira ineyo kuno ku Makululu, dzuwa likuswa mtengo.

Mgodi wa kwathu kuno utatsekedwa abambo athu anatsala manja lende, ndipo patapita zaka phiri lija la zotsalira za mgodi linagulitsidwa kwa anthu ena amene anayamba kulikumba. Malole awo ankadutsa osaphimba, fumbi la mtovu lili koboo, ana athu n'kumapuma zomwezo. Mnzanga wina wa kumphakati wathu wa tchalitchi, amene ankasesa mu ofesi ya anthuwo, anayamba kunditumizira zithunzi za mapepala osonyeza kuti mabwanawo ankadziwa bwino za poizoniyo, kuti ine ndikapatse mtolankhani. Anandidandaulira kuti dzina lake lisamveke, poti ana ake anayi ankadya tsache lomwelo. Tinkalemberana pa pulogalamu ija yobisa mauthenga, yoti ngakhale a kampani ya mafoni sangawerenge, ndiye ine mtima unali m'malo.

Koma foni yangayo inali yosakiya. Inu mukudziwa kwathu kuno, mkazi wapabanja akangoika pasiwedi, mawa lake nkhani ili kwa ankhoswe, ati wapeza chibwenzi. Ndiye poti kunyumba kunalibe magetsi, ndinkaisiya pa kantemba ka mkulu wina wochajitsa mafoni, tsiku lonse lathunthu. Uchitsiru wakewo!

Tsiku lina ndikuchapa pakhomo, panaima galimoto yoyera, zija timaziona kwa anthu olemera ku Highridge. Munatsika bambo wovala bwino, anandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kuyamba kundilakatulira mawu anga omwe amene ndinalembera mnzangayo, mpaka nthabwala yathu yonena za mimba ya bwana wa mnzangayo. Mayo ine! Sanakalipe, ankangomwetulira. Pochoka anatchula dzina la mnzangayo, mayina onse awiri, nati ndikam'patse moni ndipo ndimuuze kuti njira ya kwawo akuidziwa.

Ndinathamangira kwa mnzangayo wopanda nsapato, thovu lili m'manja, koma ndinapeza atam'chotsa kale ntchito m'mawa womwewo. Anangondiyang'ana, nandifunsa kuti foniyo ndinapatsa ndani. Sabata isanathe anasamukira kwa abale ake kummawa, ndipo mpaka lero sanandiyankhulepo.

Wochajitsa uja nditam'panikiza anavomera kuti kunkabwera munthu womupatsa ya fanta kuti aone foni yanga. Ndinam'tukwana msika wonse ukumva, ndipo sindinong'oneza bondo. Kunyumba ndinakiya foni amuna anga akuona, ndinawauza kuti akafuna ankhoswe awaitane, nanenso ndili ndi mawu oti ndikanene.

Mabwana aja ankaganiza kuti ndikhala chete? Zithunzi zija ndinakapereka ndithu kwa mtolankhani. Lero kumphakati ndimagwira mafoni a azimayi mmodzimmodzi, kuwasonyeza kukiya, kufufuta zimene awerenga kale, ndi kuzimitsa foni asanaisiye pochajitsa. Ena amandinena kuti ndikupasula mabanja, anene, pakamwa ndi pawo.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti pulogalamu imabisa uthenga panjira pokha, ukafika m'manja mwako mlonda ndiwe. Kiyani mafoni, amayi, musaope miseche. Zimene zili mmenemo si zanu nokha, ndipo ine amene sindinakiye ndikadali pakhomo panga, wothawa anali mnzanga.