Chisakasa pa Dziwe la Ndere

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, ndinkayang'anira ngalande pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chisepo. Eni ake anali ndi kafakitale koyenga mafuta a mtedza, ndipo madzi otsukira makina, akuda ndi onunkha, ankatsikira kukhwawa kumene matenanti ankatunga. Wotsegula ngalandeyo ndinali ine. Amayi a kumunsi ankandidutsa osapereka moni.

Matipate atabwera, anthu anayamba kulankhula. Matenanti anakadandaula ku ofesi, ndipo aphunzitsi aakazi a pasukulu ya mishoni, omwe ankatiphunzitsa akuluakulu kuwerenga masana a Loweruka, anabwera ndi nzeru. Anati madziwo tiwasunge m'dziwe losazama, tibzalemo ndere. Ndere zidzadya zonyansazo, madzi adzayera, ndipo ndere zouma zimatulutsa mafuta oyatsira nyale. Abwana anaseka, koma anavomera. Anati mvula yoyamba ikapeza dziwe likununkha, nditsegulanso ngalande.

Tinakumba dziwelo ine ndi mlamu wanga, tenanti wochokera ku Mulanje. Aphunzitsi anathiramo madzi obiriwira a m'chomwera ng'ombe, natiuza kuti tizivundula ndi thabwa m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa dziwe linayamba kubiriwira, fungo n'kuchepa. Kenaka aphunzitsi aja anapita kumaliro ku Kasakula, ndipo anakhalitsako.

Dzuwa la Okutobala linafika poipa. Tsiku lina mlamu anaima m'mbali mwa dziwe, manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwakalamba ndi fodya, koma mbande mukuzisiya padzuwa chonchi? Kapena sukulu yanu ya ndevuyi yakuiwalitsani ulimi?"

"Izi si mbande, ndi ndere."

"Chobiriwira chanthete ndi mbande basi. Nazale yosaphimba munaionapo kuti?"

Ndinavomera, chifukwa nazale ya fodya timaiphimbadi ndi udzu. Tinadula mitengo, tinamweta udzu, n'kumanga chisakasa chokongola pamwamba pa dziwe lonse. Matenanti ena anatithandiza osawapempha. Tinanyadira.

Pamapeto pa sabata madzi anatuwa. Kenaka anada, fungo lija n'kubwerera, ndipo mitambo inayamba kusonkhana kumapiri a Ntchisi. Abwana anadutsa atatseka mphuno ndi mpango.

"Mdala, khasu lotsegulira ngalande lija ulinole."

Sindinapite kukanola. Ndinazungulira dziwe lonse ndikuyang'ana, mmene ndimayenderera munda ukadwala. Kumbali ya kum'mawa kwa dziwe, pamene mbuzi zinasolola udzu wa chisakasa, kuwala kunkalowa, ndipo pamenepo pokha panali kachigamba kobiriwira kukula ngati lichero.

Ndinakuwa: "Alamu! Bwerani ndi chikwanje!"

"Mwaona njoka?"

"Njoka ndi denga lanuli. Ndere zikufuna dzuwa."

"Denga langa? Mfundo zonsezi anamanga ndani?"

Tinagwetsa chisakasa tikukangana. Ndinatunga kachigamba kaja ndi ndowa, n'kumwaza m'dziwe monse ngati wofesa mawere, ndipo ndinavundula mpaka mapewa anauma. Ndinadziwa kuti zitheka. Chimene chamera pamalo amodzi chimamera ponse, bola uchipatse chimene chikufuna.

Aphunzitsi atabwera anapeza dziwe labiriwira kuposa kale, mulu wa udzu uli pambali. Tinawafotokozera. Anaseka mpaka anakhala pansi, nati iwonso anaiwala kutiuza za dzuwa.

Ndere tinazisefa ndi nsalu, n'kuziyanika pamalata. Abwana anakaniza makina awo, choncho tinazifinya ndi jeke yodindira mabelo a fodya. Ndisaname, mafuta sanadonthe. Anangonyowetsa nsaluyo. Mlamu anang'amba kansalu, anakapota, nakayatsa. Kanayaka pang'ono ndi utsi wonunkha ngati usipa.

"Alamu, parafini musasiye kugula," anatero.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi. Abwana anabwera ndi ambulera, anawerama, nanunkhiza dziwe. Anatunga madzi osefedwa m'botolo, anawayang'anitsa, n'kubwerera ku ofesi osanena za khasu. Kuyambira pamenepo kukhwawa kunkatsika madzi okhawo amene ndere zatsuka.

Mawa lake ndikuvundula, mayi wina wa kumunsi anadutsa atasenza ndowa. Anafika pafupi, nachepetsa liwiro.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Ndinaimika thabwa, ndinavula chipewa, ndipo ndinayankha.