Thaliyamu Sapereka Mwana

Mboni zanga ndi zinayi: amayi, amalume, aphunzitsi a sayansi, ndi mbuzi yomwe inadya umboni. Umboniwo unali katoni ya sopo, pomwe ndinalembapo ndi khala mayina asanu a maelementi a gulu la boroni. Ndili Fomu 3 ndinaipachika pamkangala m'chigafa, n'kumaloweza mokweza uku ndikusoka fodya. Zala zinkamata utomoni moti ntchentche ikatera inkakhazikika. Ndikulumbira, ina tinaigulitsira kumodzi ndi belo.

Aphunzitsi anati atomu ili ngati mayi, maelekitironi ndi ana ake. Nkhani ndi ya mphamvu zomwe zimafunika kuti ulande mwana wakunja kwenikweni. Boroni, wa ana ochepa, amakakamira zedi. Aluminiyamu amalekerera msanga. "Banja likamakula kugwira kumachepa," ankatero, "koma gulu ili n'losamva." Galiyamu, m'malo mofooka, amaposako aluminiyamu pang'ono. Indiyamu ndiye amafooka. Kenako thaliyamu, wa ana piringupiringu, amagwiranso kuposa onsewo kupatula boroni, poti ana ena apakati satchinga bwino chikoka cha mayi.

Kwathu tinalipo asanu ndi atatu, ine woyamba, wogona kugowelo lakumapeto. Amalume, omwe ankatipatsa feteleza chaka ndi chaka, ankafuna ndisiye sukulu ndikawalimire fodya ku Wimbe. Mawu awo anali amodzimodzi: "Mlongo, ana muli nawo ambiri. Mmodzi simungamusowe."

Amayi sankadziwa kuwerenga, koma nyimbo yangayo anaimva mwezi wathunthu, ndi nkhuku zomwe zinaloweza. Tsiku lomwe amalume anabwera ndi njinga kudzanditenga, amayi sanadzutse mutu pasingano yosokera fodya.

"Iwe," anandiitana, "uja wapansi penipeni, wa ana ambiri uja, umati ndani?"

"Thaliyamu."

"Eya. Achimwene, ineyo ndi ameneyo."

Amalume anafunsa kuti mayiyo ngwa mudzi uti. Anakhala pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerera kaliyala ili mbee.

Ine ndinangonyada kuti ndaphunzitsa amayi sayansi, mawa lake ndinakawauzanso aphunzitsi. Iwo sanaseke, ndipo ndinaona ngati ndi nsanje. Dzinja lotsatira fodya wathu anali wachikasu, wofika m'mawondo, amayi akusenza manyowa a mbuzi ija pamutu ndi lichero. Ndinkadutsa ndi makope anga m'jumbo, n'kumadabwa kuti chaka chimenecho amalume aiwala bwanji feteleza.